Chikondwerero cha nyimbo pa dzuwa la Okutobala: apite ndani, nthawi yanji, nanga munthu akagwa tichitenji?

Mayi wina wa ku Kapata muno mu Chipata wandilembera motere: "Mwezi wa Okutobala kudzakhala chikondwerero cha nyimbo pabwalo lapamtetete. Pachipata adzatsegula 10 koloko m'mawa, kutha pakati pa usiku. Tikufuna kupita banja lonse: ine, bambo a kunyumba, apongozi anga amene amamwa mankhwala a BP koma mtima wawo uli pa makwaya, mwana wa achemwali anga wa zaka 16, ndi mwana wanga wa zaka 2. Chaka chatha pa msonkhano wina ndinaona mnyamata atagwa, anthu n'kumati waledzera. Chiyambire tsiku limenelo ndili ndi mantha. Tipite kapena tileke? Ngati tipita, tikonzekere bwanji?"

Amayi, pitani. Koma musapite nonse pamodzi, ndipo musakafike 10 koloko chifukwa choti pachipata atsegula. Mantha anuwo ndi oyenera, ndipo za mnyamata uja ndizifotokoza mofatsa chifukwa m'kalata yanu yonse ndi pomwe pagona moyo wa munthu.

Ambiri kuno amati dzuwa tinalizolowera, chaka chilichonse timakhala tsiku lonse ku Mkaika pa Kulamba osaona vuto. Inde, koma Kulamba imachitika kumapeto kwa Ogasiti, kutentha kukungoyamba kumene. Nc'wala ku Mtenguleni imakhala kumapeto kwa Febuluwale, m'nthawi ya mitambo ndi mvula. Okutobala ndi nkhani ina. Mu Chipata masana kutentha kumapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, chonsecho mzinda wathu uli pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mukatsikira ku chigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, kumafika ndi kupitirira madigiri 40. Komanso kumapeto kwa mweziwu dzuwa la masana limadutsa pa liwombo penipeni kuno kwathu, moti chithunzithunzi cha munthu chimathera kumapazi. Madigiri amene mumamva pa wailesi amayezedwa pamthunzi. Munthu woimirira pabwalo louma, pakati pa khamu, akulandira zoposa pamenepo.

Thupi lathu limafuna kukhala pa madigiri pafupifupi 37. Likayamba kutentha, mtima umathamangitsira magazi ambiri kukhungu ndipo khungu limatulutsa thukuta. Chimene chimaziziritsa si kutuluka kwa thukutalo ayi, koma kuuma kwake. Zili ngati mtsuko wadothi umene umatuluka chinyontho kunja, mphepo n'kumaumitsa, madzi a m'kati n'kuzizira. Mtsuko womwewo mukaukulunga m'pulasitiki sugwiranso ntchitoyo. Pakati pa khamu, kutsogolo kwenikweni kwa siteji kumene achinyamata amakonda, mphepo siidutsa, aliyense akutulutsa kutentha kwake, ndipo wovina thupi lake likupanganso moto wina kuchokera m'minofu. Munthu wovina mwamphamvu pa dzuwa akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta, ngakhale kuposa, pa ola limodzi. Mpweya wa Okutobala ndi wouma, thukuta limauma msanga, ndiye munthu saona kuti wataya madzi ochuluka bwanji. Amangodabwa mchere woyera utalemba mizere pa malaya.

Choncho chinthu choyamba ndi nthawi. Maola oyambira 10 koloko kufika 16 koloko ndiwo oopsa, ndipo kutentha kumafika pachimake cha m'ma 14 ndi 15 koloko. Dzuwa limalowa cha m'ma 18 koloko. Pa zikondwerero zambiri oimba otchuka amakwera pa siteji madzulo kapena usiku, ndiye mukafika 16 koloko simutaya zambiri. Funsani ndondomeko ya tsikulo kwa okonza mwambo. Ngati makwaya amene apongozi akufuna aikidwa m'mawa, apite m'mawa momwemo, akhale pamthunzi, ndipo ikamakwana 12 koloko akhale atabwerera kunyumba. Ngati aikidwa masana ndipo palibe tenti ya anthu wamba, ine ndikanawauza mwaulemu kuti chaka chino aphonyeko.

Mwana wa zaka 2 asapite masana. Pamenepa sindinyengerera. Mwana wamng'ono amatentha msanga kuposa wamkulu, sadziwa kunena kuti ali ndi ludzu, ndipo akakhala kumbuyo amatenga kutentha kwa msana wa mayi ake kuwonjezera pa kwa dzuwa. Ndimaona kawirikawiri mayi atabereka mwana, n'kumufunditsanso chitenje china kumutu pofuna kumuteteza ku dzuwa ndi fumbi. Cholinga n'chabwino, koma m'kati mwa nsaluyo mulibe mpweya, ndipo mwana akangokhala zii mayi amaganiza kuti wagona. Palinso phokoso la zokuzira mawu, limene likhoza kuwononga makutu a mwana mosabwerera. Ngati pali womusiyira, msiyeni kunyumba. Ngati palibe, pitani naye madzulo kwa kanthawi, mukhale kutali ndi masipika, muzimupatsa madzi pafupipafupi, ndipo ngati akuyamwabe muzimuyamwitsa nthawi iliyonse akafuna. Thewera likakhala louma kwa maola ambiri, akamalira wopanda misozi, maso atalowa m'kati, kapena atalefuka moti sakufuna kumwa, nyamukani mupite ku kiliniki. Ndipo musamusiye m'galimoto yoimikidwa, ngakhale kwa mphindi zochepa, ngakhale mawindo atatsegulidwa pang'ono.

Za apongozi. Munthu akamakula ludzu salimva msanga ngati kale, thukuta limachepa, ndipo mtima sutha kuthamanga monga dzuwa likufunira. Ena mwa mankhwala a BP, monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, ndi okodzetsa. Amachotsa madzi ndi mchere m'thupi. Ena monga enalapril amafuna kuti impso zikhale ndi madzi okwanira. Pa dzuwa, mitsempha ya magazi imatanuka, BP imatsika, ndipo gogo akadzuka mofulumira pa mpando amamva chizungulire n'kugwa. Koma chonde asasiye mankhwala pa okha tsiku limenelo. Tengani kabuku kawo kapena mapaketi a mankhwalawo mupite nawo ku kiliniki kumene amalandirira, sabata imodzi mwambo usanachitike, muwauze a nesi kapena a dokotala za ulendowu. Funsaninso kuti amwe madzi ochuluka bwanji, chifukwa ngati ali ndi vuto la mtima kapena la impso, mwina anawaikira malire. Muwanyamulire mpando ndi ambulera, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake tsiku limenelo ndi kukhala pafupi nawo. Mawu omwewa ndikuwanenanso kwa amayi oyembekezera, odwala shuga, ndi amene ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell. Amene amamwa ma ARV amwe pa nthawi yake monga mwa masiku onse, asamale madzi, ndipo botolo la mankhwala lisakhale pa dzuwa kapena m'galimoto yotentha. Insulini, imene odwala shuga amabaya, nayo imawonongeka ndi kutentha.

Madzi yambani kumwa dzulo lake, ndipo m'mawa muzichoka pakhomo mutadya. Pabwalopo, wovina kapena woimirira pa dzuwa amwe kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, ndiye kuti pafupifupi lita imodzi pa ola. Wokhala pansi pamthunzi safuna ochuluka choncho. Kumwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi n'kwabwino kuposa kugugudiza chigubu chonse nthawi imodzi, ndipo musapitirire lita imodzi ndi theka pa ola. Madzi okhaokha ochuluka kwambiri, popanda chakudya, amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezinso zimatha kusokoneza mutu ndi kukomola munthu. Ndiye idyani: nsima ndi ndiwo zamchere musanachoke, nsawawa zokazinga, nthochi, chivwende, minkhaka. Thobwa, munkoyo ndi maheu zimathandiza ngati zapangidwa mwaukhondo. M'chikwama ikanimo mapaketi angapo a ORS, amene ambiri timawadziwa kuti madzi a moyo. Werengani papaketi kuti musungunule m'madzi ochuluka bwanji, chifukwa ena ndi a lita imodzi, ena ndi a madzi ochepa. Ngati mulibe, sakanizani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga, tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mchere musaonjeze.

Pali chinthu chimene amayi ambiri sanena poyera koma ndimachidziwa bwino. Pa misonkhano ikuluikulu zimbudzi zimakhala zochepa, zauve, mzere wautali, ndiye mayi amasankha kusamwa madzi tsiku lonse kuti asafune kutaya madzi. Atsikana a msinkhu wa mwana wa achemwali anuyo ndiwo amachita zimenezi kwambiri chifukwa cha manyazi. Mukangofika, yambani mwaona kumene kuli zimbudzi, muzipita awiriawiri, munyamule tishu, kasopo ndi chitenje. Mkodzo ndiwo ukuuzeni zoona: ukakhala woyera pang'ono muli bwino, ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa mwatsalira m'mbuyo, ndipo ngati papita maola 6 osakodza, thupi lauma kale.

Madziwo akhale ochokera kunyumba, owiritsa kapena othira klorini, kapena a m'botolo lomata la m'sitolo. Kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inapha anthu oposa 700 m'dziko muno ndi kusandutsa bwalo la Heroes ku Lusaka kukhala malo ogonekapo odwala, isatichoke m'mutu. Madzi omanga m'timapulasitiki ndi aisi wosadziwika kochokera musamwe. Nyama yootcha ndi tchipisi gulani zimene zikuchoka pamoto muli pomwepo, chifukwa kutsegula m'mimba pa tsiku lotentha kumamaliza munthu msanga.

Bambo a kunyumba simunanene ngati amamwa, koma pa zikondwerero mowa sulephera. Mowa umakodzetsa, ndiye umachotsa madzi ambiri pa nthawi imene thupi likuwafuna. Choipa kwambiri n'choti umaphimba zizindikiro: munthu samva kuti watopa, samva mutu, amangovinabe. Botolo lozizira limanyenga pakhosi pokha. Ngati amwa, adikire dzuwa lipendeke, adye kaye, ndipo pakati pa botolo ndi botolo pazilowa madzi. Kachasu ndi mowa wina waukali, ngati uja wa m'timapaketi ta tujilijili umene boma linaletsa mu 2012, pa dzuwa la masana asaukhudze n'komwe. Zakumwa zopatsa mphamvu zimene anyamata amasakaniza ndi mowa zili ndi caffeine wambiri, zimathamangitsa mtima umene wathamanga kale. Mtsikana wa zaka 16 uja mugwirizane naye malo okumanirana ndi nthawi yake, chifukwa foni imatha moto kapena netiweki imadzaza, ndipo asalandire chakumwa chotsegula kale kwa munthu wosamudziwa.

Zovala zikhale za thonje, zotaya, zowala. Jinzi yothina ndi malaya akuda a nayiloni zisiyeni. Chipewa cha mlomo waukulu chimaposa kapusi. Chitenje chowonjezera n'chothandiza kwambiri: mukachinyowetsa n'kuchiika pakhosi chimaziziritsa, mukachimanga pa mitengo iwiri ndi mthunzi. Abale athu achialubino avale zamanja aatali, chipewa ndi magalasi, adzole mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 ndi kubwerezanso pa maola awiri alionse. Usiku udzudzu umayamba, ndiye malaya amanja aatali akhale m'chikwama.

Musanagule matikiti, funsani okonza mwambo ngati amalola kulowa ndi madzi anu, ngati pali madzi akumwa aulere, ngati pali tenti ya chithandizo choyamba, ndiponso ngati munthu akatuluka amaloledwa kulowanso. Kulanda anthu madzi pachipata kuti akagule okwera mtengo m'kati, mwezi wa Okutobala, n'kuseweretsa miyoyo ya anthu, ndipo ine sindingalipire ndalama yanga pa mwambo wotero. Mu Novembala 2023 mtsikana wa zaka 23 anamwalira ndi kutentha pa konsati yaikulu ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, kumene anthu anadandaula kuti sanaloledwe kulowa ndi madzi. Boma la dzikolo linalamula pomwepo kuti pa zochitika zotere anthu azilowa ndi mabotolo awo ndipo madzi aulere azipezeka. Sitiyenera kudikira maliro kuti tichite chimodzimodzi kuno.

Tsopano za mnyamata munamuona uja. Anthu amene amagwa pa dzuwa si onse ali ndi vuto limodzi.

Wina amangokomoka chifukwa waimirira nthawi yaitali, magazi atsikira kumiyendo. Mukamugoneka pamthunzi n'kukweza miyendo yake, pa mphindi imodzi kapena ziwiri amatsitsimuka, amadziwa dzina lake ndi kumene ali. Wina walefuka ndi kutentha: thukuta lili kamukamu, mutu ukuwawa, nseru, chizungulire, minofu ya m'miyendo ikukokana, koma mukamufunsa akuyankha zomveka. Ameneyu mupititseni pamthunzi, mumasuleni lamba ndi mabatani, mumuvule nsapato, mumunyowetse ndi kumukupiza, azimwa ORS pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 30 ayenera kukhala atapezako bwino, ndipo tsiku limenelo asabwererenso pa dzuwa ngakhale atachonderera. Ngati sakusintha, kapena akusanza chilichonse, apite kuchipatala.

Wachitatu ndiye amene amandisowetsa tulo. Thupi lake lafika madigiri 40 kapena kuposa, ndipo ubongo wayamba kuvulala. Chizindikiro chake chachikulu si thukuta, chifukwa wachinyamata amene amavina akhoza kukhala akutulukabe thukuta. Chizindikiro ndi mutu kusokonekera. Amalankhula zosagwirizana, lilime limalemera, amayenda dzandidzandi, amakalipa kapena kumenya anzake popanda chifukwa, sazindikira m'bale wake, kenako amagwa, mwina n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Amayi, taonani mndandanda umenewu: ndi momwenso amaonekera munthu woledzera. N'chifukwa chake anthu amaseka, ena amajambula pa foni, anzake n'kumukokera pansi pa lole kuti agone mowa umuchoke. Pa misonkhano ya mapemphero ena amati wagwidwa ndi mizimu, n'kumuzungulira pomwepo pa dzuwa.

Ndinalandirapo kuchipatala mnyamata wotere. Anzake anamubweretsa dzuwa litalowa, atamunyamula pa njinga, akunena kuti anangomwa mabotolo awiri masana ndiye anamusiya kuti apume. Malaya ake anali ouma gwa ndi mchere, milomo yosweka, ndipo nditaika dzanja pachifuwa chake kutentha kwake kunandilowa m'chikhatho. Maso anali otsegula koma sanali kuona munthu. Anapulumuka, koma impso zake zinavutika masiku ambiri. Maola amene anagona pansi aja ndiwo anamuwononga, ndipo pafupi pomwepo panali ogulitsa zakumwa okhala ndi mabokosi odzaza madzi ozizira.

Choncho lamulo langa ndi ili: munthu aliyense amene wasokonekera mutu pa tsiku lotentha, mutengeni ngati wapsa ndi dzuwa, ngakhale akununkha mowa. Ngati analidi woledzera chabe, madzi amene mwamuthira samupweteka. Ngati sanali woledzera, mwamupulumutsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye musadikire kuti abale ake apezeke.

Muchotseni pa dzuwa msanga. Tumani munthu mmodzi, momuloza ndi chala, akaitane a chithandizo choyamba ndi kupeza galimoto, ndipo ena auzeni afutukuke kuti mphepo idutse. Muvuleni zovala zokhuthala. Ngati ndi mayi, amayi anzake amutchinge ndi zitenje. Kenako muthireni madzi thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, osati kungowaza kumaso. Madzi ozizira kwambiri ndiwo abwino, ndipo pano ukhondo wa madziwo si nkhani chifukwa sakumwa. Pemphani madzi ndi aisi wa m'mabokosi a ogulitsa zakumwa. Nyowetsani zitenje, muziyale pathupi, muzisinthe zikangofunda, aisi wina mumuike m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ena azikupiza mwamphamvu ndi makatoni. Ena amaopa kuti madzi ozizira amudzidzimutsa munthu n'kumupha. Chimene chimapha ndi kuchedwa. Madokotala amafuna kuti thupi likhale litazizira m'mphindi 30 zoyambirira.

Ngati sakuzindikira bwino, musamumwetse kanthu, chifukwa madzi akhoza kulowera kumapapo. Mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe. Akamaphupha musamuike supuni kapena chala m'kamwa, ingotetezani mutu wake. Panado sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu, ndipo Brufen kapena diclofenac akhoza kuwonjezera kuvulala kwa impso. Ngati mukudziwa kuti ndi wodwala shuga ndipo akutha kumeza bwinobwino, mupatseni chakumwa chotsekemera, popeza kutsika kwa shuga nakonso kumasokoneza mutu.

Galimoto ikapezeka, kuziziritsa kusaime. Mawindo akhale otsegula, zitenje zonyowa zikhale pathupi, chigubu cha madzi chikwere nawo. Muno mu mzinda pitani ku Chipata Central Hospital. Ngati mwambo uli cha ku Katete, St Francis ndiyo ili pafupi. Cha kumalire kuli chipatala cha Mwami. Ngakhale atatsitsimuka m'njira, afikebe. Malungo aakulu ogwira ubongo amayambanso ndi kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu, ndipo kuno ku Eastern malungo sitingawaiwale. Kuchipatala adzamuyeza magazi, shuga ndi impso. Mukafika, auzeni a nesi nthawi imene anagwa, zimene anamwa, ndi mankhwala amene amamwa masiku onse.

Mukabwerako, tsiku lotsatira muziyang'anabe a pabanja panu, makamaka apongozi ndi amene anavina kwambiri. Kutopa ndi kamutu pang'ono zimatha ndi madzi, chakudya ndi tulo. Koma wina akadzuka minofu ikupweteka kwambiri, mkodzo uli wakuda ngati Coca-Cola kapena sukutuluka n'komwe, akusanza, kapena thupi likutenthabe, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire Lolemba.